Lumbiro la a Jafali, mwini mabuku a asilikali andevu

A Jafali tinawaika nyengo ya mwera, ndipo onyamula jeneza, chonyamulira maliro, sanakwane kusinthana. Kuno ku Meluluca munthu wamkulu akamwalira ntchito imaima: ngalawa zimakhala pamchenga, mabaraka, timagolosale tathu, amatsekedwa. Tsiku la iwowa ngalawa zinalowa m'madzi monga mwa masiku onse. Amuna anga anabwera kuchokera kumanda phewa litatupa, akuti kuyambira pamzikiti mpaka pamanda panalibe wodzawalandira. Ine ndinali kumbali ya azimayi, mwana ali kumbuyo, ndipo kulira ndinakumva kwa mkazi wawo yekha, Abiti Ali. Enawo ankangonong'onezana kuti wapita uja anapasula ukwati wa Asiyatu.

Asiyatu ndi mkulu wanga, mimba imodzi. Ukwati wake a Jafali anaupasuladi, ndipo anaupasula ndi lumbiro, dzanja lili pa Kurani, pamaso pa shehe ndi mzikiti wonse. Lumbirolo linali labodza. Iwo ankadziwa, amayi anga ankadziwanso. Kuti dzina la a Jafali liyere, pankafunika kuti amayi anene chinthu chimene anachibisa kuyambira nthawi ya nkhondo, ndipo a Jafali sanawakakamize mpaka analowa m'manda. Ndikulemba tsopano chifukwa amayi anadzatsegula okha pakamwa, n'kundiuza kuti mawu akatuluka pagulu salinso a mwini wake.

Sanali munthu wokondeka, ndisaname. Anali wamfupi, wamapewa aakulu, kuphazi lamanzere zala ziwiri kunalibe. Panyanja sankapita. Ntchito yawo inali kusoka maukonde a anthu, atakhala pakhonde, maso ali kunjira, ndipo munthu sankaloledwa kuima kumbuyo kwawo. Moni ankayankhira m'mphuno. Ana akasokosa pafupi ankawaponyera chilichonse chili m'manja, ngakhale singano ya ukonde, kenako n'kuwatuma kuti akaitole. Injini ya boti ikaphulika polira, ukonde ankauponya pansi n'kulowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo ntchito yatha. Kudya ankadya chonyonyomala, mothamanga, ena asanamalize kusamba m'manja iwo atha kale. Ankati wotafuna mofatsa ndi amene sanalandidwepo mbale ili pakamwa.

Za nkhondo sankakamba, koma aliyense ankadziwa. Anagwidwa ali m'munda wa chinangwa, anawasenzetsa katundu kukwera naye mapiri a mbali ya ku Maniamba, ndipo kumeneko kubaze, msasa wa asilikali a kuthengo, anawapatsa mfuti. Sanali okha. Anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja muno anatengedwa, amuna ndi akazi, amayi anga omwe, atangokwatiwa kumene. Amayi anabwerako ndi khanda, Asiyatu, ndipo malemu bambo anga anauza aliyense kuti mimbayo inali yawo, amayi anapita nayo ili yaing'ono. Palibe anawerenga miyezi. Mtendere utabwera akuluakulu anati za kuthengo zitsale kuthengo. Obwerera anawasambitsa, anawachitira pemphero la dua, basi. A Jafali iwo anathawa nkhondo isanathe, anawolokera ku Malawi n'kukakhala mlonda kwa mzungu wina, ndipo kumeneko ndi kumene anatola Chingelezi chawo chowerenga ndi chala.

Mabuku anabwera ine ndisanabadwe, nkhani yake ndinaimva kwa Abiti Ali. Alendo ena a ku Amerika anatumiza makatoni kusukulu, ati ana aziwerenga. Apulofesolo, aphunzitsi a pasukulupo, atatsegula anapeza kuti onse ndi a Chingelezi, pamene ana kuno amaphunzira Chipwitikizi, komanso ndi akalekale, mapepala achikasu onunkha nkhungu. Anawaunjika kuseri. Posakhalitsa azimayi ogulitsa mandasi ndi nsomba zokazinga anazindikira kuti pepala lake ndi lolimba, silibooka msanga ndi mafuta. Tsiku lina a Jafali anagula utaka wokazinga, ndipo pofunyulula anapeza kuti pepalalo lili ndi chithunzi cha msilikali wandevu, mfuti ili chilili pambali pake, mafuta atamulowa kumaso. Nsombayo akuti sanaidye. Anapita kusukulu, anakangana ndi apulofesolo mpaka iwo anati tengani onse, mutichotsere makoswe. Anawatuta pamutu, katoni imodziimodzi. Azimayi a mandasi sanawakhululukire, ndipo kwa nthawi yaitali ankawagulitsa mandasi m'manja, opanda pepala.

Anawagawa milu itatu: wa asilikali, wa mabanja, ndi wa Mulungu. Anawasanja pa matabwa a ngalawa yakale, miyala ili pansi, phulusa atazunguliza chifukwa cha chiswe. Milu imeneyi inadya chipinda chonse chakumbuyo. Mvula ikatha ankawatulutsa n'kuwayanika pathandala la nsomba, kumawatembenuza limodzilimodzi, ndipo mkangano wake tinkaumvera kwathu chaka ndi chaka.

"Usipa wanga ndiuyanike pamutu panu?" ankafunsa Abiti Ali, dengu lili m'chiuno.

"Usipa uuma mawa. Awa akanyowa afa kachiwiri."

"Anafa kalekale azungu anuwo. Ife amoyo tikufuna ndiwo."

"Yala mphasa pansi."

"Mphasa ndiyale ine, alendo agone pabedi. Mukanawakwatira iwowa, mwina akanakuphikirani."

Mphasa ankayaladi, akung'ung'udza, ndipo mtambo ukangoda ndi iwo amene ankayamba kuthamangira mabuku.

Mulu wa asilikali ndi umene unkawasangalatsa, ngati mawu akuti kusangalala angawayenere. Amuna odikira maukonde awo ankawamasulira pang'onopang'ono. Ankati Aamerika aja anamenyana okhaokha, dziko limodzi, mbale kuwombera mbale, ngati ife. Za akuluakulu a nkhondo okwera akavalo ankangodumpha. Ankafuna za pansi: bisiketi wouma wodzaza anankafumbwe amene msilikali ankamuviika kuti tizilombo tiyandame, nsabwe za m'misoko ya malaya, mapazi otupa, kamwazi wopha munthu asanaone mdani. Akafika pa nsabwe ankaseka, ndipo ine sindinawamvepo akuseka pa china. Ankati nsabwe sidziwa mzungu. Kenako ankatsegula kumapeto, kumene kuli mayina okhaokha, mizere yothithikana, aliyense ndi mudzi wake ndi malo amene anagwera, woyendetsa ngolo yemwe. Ankati anthu awa atatha nkhondo anakhala pansi kulemba akufa awo, ife titatha nkhondo tinasamba. Koma tsiku lina, amuna anga ali pomwepo, anatseka buku mwamphamvu n'kunena kuti afufuza mulu wonsewo, za akazi amene ankatsekeredwa m'misasa sanapeze mzere ngakhale umodzi, ndipo pamenepo mzungu ndi ife tinagwirizana osakumana.

Mulu wachiwiri ndi umene unawasintha. Munali mabanja, uje anabereka uje, uje anabereka uje, kutsika mibadwo yambirimbiri, koma zonse kudzera kwa bambo. Ife kuno timawerenga kwa mayi. Mwana ndi wa mbumba ya amake, womuyang'anira ndi amjomba, mlongo wa amake. Bambo timamulemekeza, dzina lake timatenga, koma tikamafufuza chibale pa ukwati funso limakhala lakuti amake ndani, agogo ake aakazi ndani, bere lake ndi liti. A Jafali anayamba kufunsanso kuti nanga bambo ake ndani, nanga bamboyo anaberekanso kuti. Anthu ankaseka, ati kodi alipo amene amawerenga ana a tambala?

Komabe ankhoswe ankapita kwa iwo. Nkhondo inamwaza anthu, ena anabadwira ku Malawi, ena ku Tanzania, ena kuthengo, ndipo wokumbuka kuti uje anabadwira pati anali iwowo. Sankalemba paliponse. Ankatsinzina n'kumagwira mfundo za zala zawo, milomo ikuyenda, kenako n'kunena kuti pitani, njira ndi yoyera. Pa ukwati wanga anawayang'ana amuna anga kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Agogo ako anali akuba mbuzi," anatero. "Koma kuba mbuzi si chibale. Pitani."

Mulu wachitatu, wa maulaliki a abusa achikhristu, poyamba sankaugwira kawirikawiri, koma ndi umene unawakanganitsa ndi shehe wathu, amene poyerekeza ndi iwo ndi mwana. Shehe anati m'nyumba ya Msilamu mabuku otere safunika. A Jafali anayankha kuti akungofuna kudziwa mmene mnansi amaopsezera ana ake, ndipo apeza kuti moto wake ndi womwewo, wosiyana ndi wosonkhezera basi. Shehe sanaseke, koma anawasiya.

Asiyatu ukwati wake woyamba unatha moipa. Anabwerera kwa amayi ali wowonda, wosayankhula. Amene anamubwezera kuseka anali Yusufu wa ku Nkholongue, wogula usipa wokagulitsa ku Lichinga, munthu wofatsa amene mkazi wake anamwalira pobereka. Iyenso anabadwira kuthengo. Amake anatengedwa nthawi imodzi ndi amayi anga, anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo agogo amene anamulera anamuuza kuti bambo ake anali msodzi wofera m'nyanja. Pakati pa mbumba yake ndi yathu panalibe chibale chilichonse. Amjomba athu a Ndala anati nkhani yatha, kwa a Jafali tikungopita mwamwambo. Amayi okha ndi amene anasiya kudya bwino kuyambira tsiku limene anamva dzina la amake a Yusufu. Ife tinkati ndi malungo.

Amayi ndi a Jafali sindinawaonepo akupatsana moni. M'mawa wopita kwa a Jafali amayi anakana, amjomba anawaumiriza, ati mayi wa mwana sangasowe. Ndinapita nawo ndikuwagwira mkono. Tinawapeza a Jafali ukonde uli pamiyendo, ndipo nkhoswe ya Yusufu, imene tinali nayo limodzi, inatchula dzina la amake.

"Uja anali ndi chipsera cha moto padzanja?" anafunsa a Jafali.

"Yemweyo."

Sanatsinzine, zala sanagwire. Anayang'ana amayi, ndipo anadikira nthawi yaitali mpaka amjomba anatsokomola. Amayi maso anali pa nsalu yawo.

"Ukwati uwu ayi," anatero a Jafali.

"Chifukwa?" anafunsa amjomba.

"Ndanena kuti ayi."

"A Jafali, tabwera ndi ulemu. Bere la uyu ndi lina, la uyu ndi lina. Mwapeza chiyani, m'mabuku a azungu anuwo?"

"Mabuku sakumudziwa Yusufu."

"Nanga inu ndinu ndani? Shehe sindinu, mwini mbumba sindinu. Ndinu wosoka maukonde."

"Ndine wosoka maukonde. Ukwati uwu ayi."

Amjomba anaimirira, anasasa kanzu, mkanjo wawo uja, ndipo tsiku la nikaha, kumanga ukwati kumzikiti, analiika asanafike n'kunyumba komwe. Masiku otsatira a Jafali anayamba kudutsa pafupi ndi kwathu, chinthu chimene sankachita. Ankaima pang'ono pampanda, osanena odi, kenako n'kubwerera. Amayi akawaona ankalowa m'nyumba.

Lachisanu lomaliza nikaha isanachitike, mapemphero a swala atatha, a Jafali anaimirira mumzikiti. Ife azimayi tinali kuseri kwa chinsalu, tinkamva zonse. Anati ali ndi umboni. Anati kubaze amake a Yusufu mkaka unawaphwera ndi njala, ndipo iwo anaona ndi maso awo, osati kamodzi, mwanayo akuyamwa bere la amake a Asiyatu mpaka kukhuta. M'Chisilamu ana oyamwa bere limodzi ndi pachibale, sangakwatirane. Mzikiti unachita phokoso. Shehe anawafunsa ngati angalumbire, n'kuwakumbutsa chimene chimamudikira wolumbira bodza pa Buku la Mulungu. A Jafali anati akudziwa, zimenezo anaziwerenga m'zinenero ziwiri. Anaika dzanja n'kulumbira, ndipo mawu awo sanagwedezeke.

Shehe anayandikira chinsalu.

"Amake Asiyatu, mwamva. Ndi zoona?"

Tonse tinatembenukira amayi. Akanati inde, nkhani ikanathera pomwepo, a Jafali akanatuluka ali mboni yabwino. Koma kunena inde m'nyumba ya Mulungu kunali kulowa nawo m'bodzalo, ndipo kunena ayi kunali kumupereka Asiyatu ku ukwatiwo.

"Sindikumbuka," anatero amayi. "Njala inali yambiri."

Shehe anati iye sangamange ukwati umene pagona lumbiro. Panja anthu ankafunsana kuti ndi mayi uti angaiwale mwana amene anamuyamwitsa. Ngati mwini bere sakukumbuka, ndiye kuti mkuluyu wanama. Ena anati ndi nsanje poti alibe ana, ena anati ndi ufiti, ena anati mabuku awavunditsa mutu.

Tsiku lomwelo Asiyatu analowa m'nyumba mwa a Jafali wopanda odi, anatuluka ndi buku lalikulu n'kulimiza mumtsuko umene Abiti Ali ankaviikamo chinangwa.

"Kuthengo munkapha ndi mfuti, kuno mwayamba kupha ndi pakamwa," anatero. "Ndinakulakwirani chiyani, agogo?"

"Palibe, mwanawe."

"Ndiye bwezani mawu anu."

"Sindingathe."

Anadikira kuti Asiyatu apite, kenako anavuula bukulo n'kukhala masiku akulekanitsa mapepala ake ndi mpeni. Asiyatu anakwera galimoto ya ku Lichinga, pambuyo pake tinamva kuti ali ku Tanzania, akugwira ntchito m'nyumba ya anthu. Yusufu anasiya kugula usipa padoko lathu, ndipo asodzi atataya wogula wabwino mlanduwo anauikanso pa a Jafali. Maukonde anayamba kupita kwa wosoka wina. Ankhoswe anasiya kufika.

Kumzikiti sanasiye kupita, koma mzere wa akuluakulu anauchoka. Ankaswalira pakhomo penipeni, pafupi ndi nsapato za anthu, ndipo palibe amene anawauza kuti asendere kutsogolo. Mulu wa asilikali anasiya kuutsegula. Anatsitsa wachitatu uja.

Amuna anga okha ndi amene sanasiye kuwapatsa ukonde, ati mfundo ya a Jafali siimasuka, zinazo ndi za iwo ndi Mulungu. Wokatenga ndinkakhala ine. Tsiku lina ndinawapeza ndi buku la maulaliki, pepala litachita kugunda mphuno poti maso anali atayamba kufooka.

"Make Zena, abusa andevu awa alibe chisoni," anatero osandiyang'ana, akunditchula ndi dzina la mwana wanga.

"Atani, agogo?"

"Ndimati mwina kwawoko kuli kakhomo kena. Munthu walumbira chimene sanaone, osati kuti adyepo kanthu. Ndafunsa uyu, akuti moto. Ndafunsa uyu, moto. Uyu ndiye wachita kufotokoza ndi katenthedwe kake komwe." Anatseka bukulo. "Tenga ukondewo uzipita."

Ndinawauza amayi nditawapeza akusinja. Musi unaima m'mwamba pang'ono, kenako unatsika. M'mawa mwake anandipatsa beseni la ufa wa kondowole, ati kasiye pakhonde, usanene kanthu. Kuyambira pamenepo beseni linkapita nthawi iliyonse amayi akasinja. A Jafali sanathokozepo. Beseni linkabwera lotsuka, ndipo moni pakati pa awiriwa panalibe mpaka mapeto.

Chifuwa chinawagwira nthawi yaitali. Kuchipatala anapita kamodzi, anabwerako ndi mapiritsi amene sanawamalize. Matenda atawagoneka pamphasa shehe anapita kukawaona, ndipo Abiti Ali akuti anawafunsa mofatsa ngati pali mawu amene akufuna kutula ulendo usanayambe. A Jafali anayankha kuti iwo ndi amtengatenga kuyambira unyamata, ndipo katundu uyu akamutula pano agwera munthu. Shehe anafunsanso kachiwiri. Iwo anatembenukira kukhoma.

Pa arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi, anthu anabwera ochuluka kuposa pamaliro, poti pamakhala mpunga. Dua itatha, mbale zikuyenda, amayi anadzuka pakati pa azimayi. Ndinafuna kuwagwira mkono, anandikankha. Anayenda okha mpaka m'mphepete mwa mphasa ya amuna n'kugwada.

"A shehe, ndili ndi funso. Lumbiro labodza lingachotsedwe pa munthu amene wagona kale?"

"Lumbiro liti, amayi?"

"Yusufu sindinamuyamwitsepo. Amake ankakhala chisakasa china, ine china. Koma wolowa m'zisakasa ziwirizo anali munthu mmodzi, komandante wa baze. Asiyatu ndi Yusufu bambo wawo ndi ameneyo. Malemu amuna anga anandifunditsa nsalu, uyu tamuikayu anandifunditsanso." Kenako anapitiriza. "Amene ankaima pakhomo ndi mfuti kuti ndisathawe anali Jafali. Zimenezo sindinamukhululukire, ndipo musandiuze kuti nditero. Koma bodza la mumzikiti ndi langa. Ndinafunsidwa, sindinayankhe. Likhale pa ine."

Palibe anatafuna. Amjomba a Ndala anavula kofiya n'kuphimba nayo kumaso. Shehe anati sikelo ili m'manja mwa Mulungu yekha, iye sangachotse katundu pa uyu n'kuika pa uyu, chimene angathe ndi kupempha. Anakweza manja, amuna anakweza, ena mochedwa. Kumbali yathu mayi wina wamkulu, wa msinkhu wa amayi, anadzuka n'kusiya mpunga wake, anapita kwawo osatsanzika. Wina anangoyang'ana m'mbale yake mpaka anthu anabalalika.

Asiyatu anamuuza okha amayi, pa foni ya amuna anga. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndamva, amayi. Anafunsa ngati kuno mvula yayamba, kenako foni inaduka. Sanaimbenso. Kwa Yusufu anapita amjomba, ndipo atabwerako sanatiuze mmene anazilandirira, ifenso sitinafunse.

Abiti Ali anabwerera kwa abale awo ku Maniamba. Chitseko anachimanga ndi chingwe, mabuku ali momwemo, palibe amene wawafuna. Sabata yatha kunabwera amuna awiri achikulire ochokera mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, ankhoswe. Mwamuna amene akumuimira anabadwira kubaze, ndipo mtsikana amene akumufuna bambo ake anabadwiranso komweko. Anamva zimene zinanenedwa pa arubaini, mantha anawagwira, n'chifukwa chake anafikira kwa amayi. Amayi anawauza kuti iwo ankadziwa chisakasa chawo ndi cha mnzawo mmodzi, zisakasa zinali zambiri, ndipo woona makomo onse anali wa pakhomo uja, a Jafali. Ankhoswewo anafunsa ngati alipo wina angadziwe. Amayi anati alipo azimayi, aliyense ndi khomo lake, koma iwo sangatchule dzina la munthu.

Pobwerera amunawo anapatukira kwa a Jafali, kaya chifukwa cha dzuwa kaya chifukwa cha chiyani, n'kukhala pakhonde. Ndinawaona ndikuchokera kotunga madzi. Khondelo lang'ambika, poti palibe wolizira. Udzu wa denga lakumbuyo wayamba kutsetsereka, mvula ikabwera ilowa. Mavu amanga pamwamba pa chitseko, ndipo dzungu la kwa anansi layanga kudutsa mpanda, likukwawira pakhomo. Mmodzi wa amuna aja ankajambula pansi ndi kamtengo. Kenako wamkuluyo anati kumbali ya amake a awiriwa ndi koyera, tichitenso chiyani, ndipo anadzuka n'kumapita kukaika tsiku la nikaha.

Atangochoka, mbuzi ya eni ake inakwera pakhondepo n'kugona, ndipo panalibe woithamangitsa.